Mwamuna Wanga Atandilanda Abale

Mwamuna wanga Lyle atapuma pa ntchito yake ya m'butchala, anagula kalavani yakale yokoka ndi galimoto kwa mnzake n'kumaikonza nyengo yonse yozizira. Anasintha matayala, anaikamo kabedi ndi kachitofu ka gasi. Chipale chitasungunuka anandiuza kuti, "Verna, chaka chino tikupita kwanu. Usayambe zako zija."

Kwathuko ndi kumpoto kwenikweni, ku mtsinje wa Peel, kumene ndinachoka ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Amayi anadwala chifuwa chachikulu, a boma anatitengera kum'mwera tonse awiri, iwo n'kumwalira m'chipatala. Ine ndinaleredwa ndi banja la azungu mumzinda wa Red Deer, ndipo chaka chisanathe chiyankhulo chathu cha Chigwichini chinali chitandithawa m'kamwa. Patapita zaka zoposa makumi asanu, mayi wina dzina lake Dorcas anandiimbira foni n'kunena kuti ndi mwana wa amalume anga. Ameneyo ndiye tinkapita kukamuona.

Ulendo unatitengera masiku asanu ndi anayi. Lyle ankayendetsa, ine nditagwira kakabuku mmene ndinalembamo mawu makumi awiri oti ndikayankhule pofika. Ndinkawabwereza chapansipansi, maso ali pa pepala, motero zambiri za m'njira zinkandipita.

"Taona, taona! Mphalapala iyo m'dambomo!" Lyle ankakuwa chotero, koma podzutsa mutu ndinkangoona madzi akugwedezeka.

Pa msewu wa miyala wa Dempster, titadutsa mapiri akuda osongoka, anaimitsa galimoto mwadzidzidzi mpaka mbale zinagwa m'kalavani. Chimbalangondo chachikazi chinkakumba agologolo pa chitunda, ana ake awiri akugubuduzana pambuyo pake. Tinakhala pamenepo theka la ola, Lyle kukamwa kuli yasa ngati mwana. Iye ndi wotero: kanthu kalikonse kamamusangalatsa ndipo sachita nako manyazi. Zaka makumi atatu ndinkamukondera zimenezo.

Msasa wa nsomba wa Dorcas unali m'mbali mwa mtsinje, kumtunda pang'ono kwa pamene pantoni imaolotsera magalimoto. Panali mahema awiri, kanyumba kofukiziramo nsomba ndi agalu anayi omangirira. Dorcas anatuluka ali ndi mpeni m'manja, mayi wamfupi wojintcha, ndipo pambuyo pake panali mwamuna wake Percy ndi ana awo aakazi awiri. Ndinatsika, ndinatsegula pakamwa, koma mawu anga onse aja anandithawa. Pomwepo Lyle anatulukira kumbuyo kwanga atakweza manja.

"Drin gwiinzii!" anakuwa motero.

Umenewo ndi moni wa masana. Ine ndinauphunzira miyezi itatu, iye anangoutola pondimva m'galimoto, ndipo anautchula mokhotakhota. Msasa wonse unafa nako kuseka.

"Ee, alamu awa abwera ndi chiyankhulo chawochawo!" anatero Dorcas akupukuta misozi. Ine anandikumbatira ndithu, koma mosamala, ngati ndine dzira. Lyle ndiye anam'menya paphewa.

M'mawa mwake Percy anabweretsa beseni lodzaza nsomba zoyera za mu ukonde. Dorcas anatisonyeza kang'ambidwe kake: kuyamba kumsana, kuchotsa fupa, kenako kulenga mizere yopyapyala kuti iume bwino pa utsi. Lyle anayang'ana kamodzi kokha, ananola mpeni pa mwala, nayamba. Munthu wagwira mpeni moyo wake wonse, mukuti angavutike?

"Percy, bwera udzaone manja," anaitana Dorcas. "Iwe zaka makumi anayi ukungodziwa kudya basi. Alamu, mukanakhala mbeta ndikanam'thamangitsa lero lomwe uyu."

"M'tengeni, ndipume," anayankha Percy. "Koma azilowa yekha m'madzi ozizirawo."

Nsomba yanga yoyamba ndinaiboola khungu. Yachiwiri inangosanduka zidutswa. Dorcas anazitola mwakachetechete n'kuziponya mumphika wa agalu.

"Palibe kanthu, a Verna. Agalu nawonso adye. Kapumuleni, ndikuthirireni tiyi."

Chimene chinandiwawa si nsombazo ayi, koma ulemuwo. Pamsasapo aliyense ankanyoza mnzake mwachibale. Pofika tsiku lachitatu Percy ankaitana mwamuna wanga kuti "iwe chidazi", ndipo atsikana aja ankam'phunzitsa mawu otukwana n'kumam'tuma akawanene kwa amayi awo. Ine ndekha ndinali "a Verna", wopatsidwa mpando wabwino ndi kapu yosang'aluka. Ndinkakhala pamenepo ndikuthamangitsa udzudzu, ndikumuyang'ana Lyle akuseka ndi anthu a magazi anga, ndipo chidazi chakecho, chimene ndinkachipaka mafuta ndi manja anga, chinayamba kundinyansa.

Atabwera kudzasintha malaya m'kalavani ndinamuuza kuti, "Sungakhaleko chete pang'ono? Wasanduka sewero."

"Akundikonda, Verna. Si zimene timafuna?"

Ndikanati chiyani, kuti asiye kukondedwa?

Tsiku lachinayi Percy anam'tenga pa boti kukaona maukonde. Anachoka m'mamawa, anabwera dzuwa lili pamutu. Lyle analumpha boti lisanaime, akuthamangira kwa ine ndi foni m'manja.

"Verna! Tinaona mphalapala ikuoloka mtsinje, nyanga zokha pamwamba! Ndiye Percy anandipititsa pamene panali nyumba ya agogo ako. Unabadwira pamenepo iwe! Taona, ndaima pa mitengo yake. Ukudziwa kuti amayi ako anali amanzere ngati iwe? Akuti ali ndi zaka khumi ndi zisanu anapambana amuna onse pa mpikisano wa agalu okoka ngolo pa chipale."

Ndinayang'ana chithunzicho. Mwamuna wanga ataimirira, mano onse pamtunda, nsapato zake zili pamalo pamene amayi anandiberekera. Za amayi ine ndinkangokumbukira chifuwa chawo ndi bulangete lofiira. Iye anapita kukaona maukonde, n'kubwera ndi amayi anga athunthu.

"Koloweka kalavani," ndinatero. "Tikupita."

"Verna, ndalakwa chiyani?"

"Wandilanda moni, wandilanda nsomba, lero wandilanda amayi. Chatsala n'chiyani? Koloweka!"

Ndinakuwa moti agalu anayamba kuuwa. Lyle anafiira mpaka m'makutu. Anakoloweka kalavaniyo, tinanyamuka osatsanzika. Pa doko tinapeza pantoni ili tsidya lina, tinaima pamzere kumbuyo kwa lole ya mafuta. Mphindi khumi zisanathe, galimoto ya Percy inatulukira ikubuma fumbi, koma woyendetsa anali Dorcas, mamba a nsomba ali mbuu m'mikono. Anagogoda pa galasi la mbali yanga.

"Iwe, tsika."

Aka kanali koyamba kundinena kuti iwe. Ndinatsika.

"Ulendo woyamba anachita kukutenga. Lero ukudzitenga wekha?"

"M'bale wanu mwam'peza kale," ndinayankha. "Uyo ali pa chiwongolero. Ine ndine mlendo womwa tiyi."

Dorcas anaomba m'manja. "Nsanje! Kuchitira nsanje mwamuna wako yemwe? Mkazi wamkulu ngati iwe! Tamvera. Uyu timaseka naye chifukwa sitinamulirepo. Iwe bambo anga anakufunafuna mpaka analowa m'manda. Ndiye wabwera, wakhala phee pampando ndi nkhope ya azakhali anga, sufunsa kanthu, ungolemba m'kabuku. Ndiyambire pati ine? Ana anga akukuopa, akuti mwina fungo la nsomba likukunyansa."

"Nanga kwa agogo? Munapititsako iye, ine ayi."

"Ndinakonza kuti ndikupititse ndekha Lamlungu. Percy pakamwa pake ndi pobooka, ndam'tukwana kale. Ukufuna ndikam'tukwanenso uli pomwepo?"

Pantoni inafika, lole inakwera, wantchito anatikodola. Lyle anatulutsa mutu pawindo n'kum'baibitsa kuti apite. Kenako anatiyang'ana tonse awiri.

"Ine ndikabweza kalavani kumsasa," anatero. "Ndikaisiya, ndipita ndekha kukaona nyanja ya kumpoto. Masiku asanu. Verna, ukafuna kupita kwathu ndikadzabwera, tidzapita."

Anaterodi. Masiku asanu amenewo Dorcas sanandipatsenso mpando. Ankandidzutsa kukatunga madzi, ankandilanda mpeni n'kunena kuti ndikung'amba ngati ndikulimbana ndi mdani. Atsikana aja anandiuza kuti mawu atatu a m'kabuku kanga ndinawalemba molakwika, ndipo limodzi linkatanthauza matako a galu.

Lamlungu tinakwera boti awiriwiri, mfuti ili pamiyendo panga chifukwa cha zimbalangondo. Pamalopo panali mitengo inayi yowola ndi maluwa ofiira otalika mpaka m'chiuno. Ndinkayembekeza kuti ndilira kwambiri, koma amene analira ndi Dorcas. Titakhala pansi n'kumadya zipatso zakutchire, anandiuza kuti ali mwana ankadana nane.

"Ankati uli kum'mwera. Ine ndinkaganiza kuti ukudya malalanje tsiku lililonse, uli ndi nsapato zonyezimira. Bambo akamatchula dzina lako patebulo ndinkafuna kuswa mbale. Mwana wawo ndili pomwepo, iwo maso ali kwa amene kulibe."

"Malalanje ankatipatsa pa Khirisimasi pokha," ndinamuuza.

"Ndiye ndinavutikiranji zaka zonsezo?" anatero, ndipo tinaseka mpaka tinatsamwa.

Tsiku lachisanu chichokereni Lyle, masana, tinamva hutala kumsewu. Percy anataya ukonde umene ankasoka, atsikana anathamanga, agalu anadumphadumpha pa maunyolo awo. "Chidazi wabwera! Chidazi wabwera!" Lyle anatsika ali mbuu ndi fumbi, akufotokoza kale ndi manja mmene anaviikira mapazi m'nyanja n'kuthawa kuzizira. Palibe amene anandithamangirapo chotero chibadwire changa, ndipo nsanje ija inandigwiranso.

Dorcas anandiyang'ana cham'mbali.

"Wayambanso. Pita ukamulandire, ndi wako yemwe. Ife tangobwereka."

Ndinasamba m'manja, ndinapita. Lyle atandiona anasiya nkhani yake pakati, anavula chipewa n'kumachipotokola ngati mnyamata wobwera kudzafunsira mbeta.

"Ndikoloweke?" anandifunsa chapansipansi.

"Yamba wasamba," ndinatero. "Tikhala mpaka kumapeto kwa mwezi."