Chimphona cha pa Mlatho

Mkazi wa Amisiri ankasita malaya a amuna ake pamene mlamu wake anagogoda. Anali malaya a kuntchito, osavalidwa chiyambire matendawo, koma iye ankawachapabe kuti asanunkhe m'kabati. Mlamuyo, mng'ono wa Amisiri, anakana mpando. Anaima pakhomo la khitchini n'kunena motsitsa mawu kuti akuchokera kushopu yokonzera mafoni, kumene achimwene ake ankagwira ntchito. Mwini shopu wati wayesetsa kusunga tebulo lawo, koma makasitomala achuluka. Mwezi ukatha aikapo mnyamata wina, pokhapokha Amisiri atabwera kudzaonetsa kuti dzanja layambanso kugwira.

"Muwauze pang'onopang'ono, alamu," anatero.

"Ndamva kale," anayankha Amisiri ali pabalaza. "Lafa ndi dzanja, osati makutu."

Sitiroko inawagwira ali patebulo lomwelo, foni ya munthu ili m'manja. Mwendo unabwerera, pakamwa panaongoka, koma dzanja lamanja linatsalira. Zala zinkamva zimene mutu wanena, koma zinkamva mochedwa. Adokotala oongola ziwalo anati chilichonse chogwiritsa ntchito zala n'chothandiza, choncho Amisiri anabwerera ku gemu ya pa TV imene ankaikonda asanadwale.

M'gemumo munthu amayendetsa kamsilikali. Kamayamba kali kofooka, ndipo kakamapha zilombo kamakwera levulo, kutanthauza kuti kamalimba thupi ndipo lupanga lake limapweteka kwambiri. Panjira pali mlatho, ndipo pamlathopo pamaima chimphona chonyamula nyundo. Anthu ambiri amayamba athera masiku kunkhalango akupha mimbulu, kenako n'kubwera pamlatho atakhwima. Amisiri asanadwale sanachite zimenezo. Anachigwetsa chimphonacho ali pa levulo teni basi, chifukwa zala zawo zinkazemba nyundo isanatsike. Tsopano anayambiranso gemu, nafika pamlatho ndi kamsilikali ka levulo teni komweko, n'kuima pomwepo.

Mng'ono wawo ankawaseka. "Achimwene, mukupita kunkhondo mutavala kabudula wamkati. Pitani kunkhalango mukanenepeko kaye."

"Mimbulu ndi ya anthu a zala zaphala ngati iwe," ankatero Amisiri. Kwa mkazi wawo ananena mosaseka kuti tsiku limene adzachigwetse ndi kamsilikali kameneka m'pamene adzadziwe kuti achira, ndipo sadzapita kushopu lisanafike tsikulo.

Uthenga wa mwini shopu utafika, anayamba kukhala pa TV kuyambira m'mawa. Mkaziyo ankaona zonse akudutsa ndi tsache kapena ndi mbale. Chimphona chinkakweza nyundo, maso a Amisiri n'kuona bwinobwino, phewa lawo n'kugwedezeka, koma chala chachikulu chinkafika pabatani nyundo itatsika kale. Kumenya kamodzi kokha, kamsilikali kankagwa, TV n'kuchita mdima. Amisiri ankatenga dzanja lamanzere, kuongola zala za lamanja chimodzichimodzi, n'kuyambiranso. Sankatukwana. Chakudya chinkazizira pambali pawo. Pemphero la madzulo, limene ankatsogolera chikwatiranireni, anayamba kumusiyira mkaziyo, iwo n'kumangoweramitsa mutu.

Tsiku lina akuperekeza mlamu wake kugeti, mkaziyo anafunsa ngati akungocheza kuti nkhalango ya mimbuluyo ili mbali iti, nanga lupanga amadina pati. Mlamuyo anamuyang'ana kanthawi. Sanafunse chifukwa. Anamufotokozera njira ndi mabatani ake, nawonjezera kuti nambala ya levulo siioneka pomenyana, imakhala patsamba lina, ndipo achimwene salitsegula tsambalo chifukwa amati mulibe chowauza.

Masiku amene mlamuyo ankapita ndi Amisiri kuchipatala, mkaziyo ankatseka chitseko, n'kukhala pampando wa amuna ake, padi yoyendetsera gemu ili m'manja. Poyamba kamsilikali kankangogunda mitengo. Kenako anazolowera. Kulira kwa mimbulu ikamafa sankakukonda, moti ankatsitsa voliyumu. Akamaliza ankabweza kamsilikali pamalo pomwe Amisiri anakasiya, pafupi ndi mlatho, kupukuta padi ndi nsalu, n'kuiika mmene inalili. Ankadziuza kuti akungofuna amuna ake adye, agone, amwetulireko kamodzi. Popemphera ankatchula dzanjalo, ntchitoyo, ngakhale mwini shopu amene, koma za kunkhalango sankazitchula.

Mwezi uli pafupi kutha, masana ena, anamva Amisiri akumuitana ndi mawu amene anali asanawamve kwa nthawi yaitali. Anathamangira pabalaza manja ali ndi sopo. Chimphona chinali chitagwada pamlatho, nyundo ili pansi.

"Mayi, taonani. Chagwa."

Anafotokoza akupuma mofulumira kuti nyundo inawakhudza kangapo koma m'mbali mokha, chifukwa zala zayamba kuzemba. Mkaziyo anadziwa kuti sizinali m'mbali. Amisiri anatsika pampando movutikira, nagwada pakapeti, namugwira mkono kuti agwade nawo. Anathokoza Mulungu chifukwa chowakumbukira, anapepesa chifukwa chokayika, analonjeza kuti akaimirira m'tchalitchi kukanena zimene zachitika. Mkaziyo anati ameni. Madzulo amenewo Amisiri anadya n'kupempha china.

Mkaziyo anayesa kuwauza kuti mwina adikireko, apemphe mwini shopu sabata ina. Amisiri anaseka, nati mkazi wawo wazolowera kukhala ndi wodwala. Anaimba foni kushopu okha.

Lolemba anapita limodzi. Kondakitala wa basi anawadikira osawafulumizitsa, ndipo mayi wina anawasiyira mpando wa pafupi ndi khomo. Kushopu anzawo awiri anaimirira kuwalandira. Tebulo lawo linali lopukutidwa, nyale yawo yokhala ndi galasi lokulitsira zinthu itaphimbidwa ndi nsalu kuti isalowe fumbi. Mkaziyo anapatsidwa situlo pakona, pafupi ndi bokosi la machaja.

Mwini shopu, bambo wonenepa wolankhula mofatsa, anabweretsa foni yosweka galasi. Anati ndi ntchito yaing'ono, palibe chothamangira. Mkaziyo anaona kuti foniyo yatuluka m'thumba la mwini shopu yemweyo, osati pashelefu ya makasitomala.

Amisiri anayatsa nyale, natenga sikuludiraiva yaing'ono. Nsonga yake inavina pamwamba pa kasikulu, kulowa, kutuluka. Kasikulu koyamba kanamasuka patapita nthawi. Kachiwiri kanagwa pansi, ndipo mnzawo wa tebulo loyandikana anakatola ndi maginito, n'kukaika m'kambale osayang'ana munthu. Thukuta linanyowetsa kolala. Atatsegula foniyo panatsala kuchotsa kalamba kopyapyala kolumikiza galasi ndi zam'kati, ntchito imene kale ankaichita akucheza ndi kasitomala. Anakagwira ndi kopanira. Dzanja linakoka lokha. Kalambako kanang'ambika.

M'shopu munangomveka wailesi ya kusitolo yoyandikana. Mwini shopu anati foniyo inali yotha kale, ndipo anatuma mmodzi kuti akagule tiyi. Anayamba kunena kuti mwina pakauntala pangapezeke kochita, kulandira makasitomala, koma anasiyira panjira ataona nkhope ya Amisiri.

"Ikanipo mnyamata uja, bwana," anatero Amisiri. "Mwandidikira mokwanira."

Anazimitsa nyale, naiphimbanso ndi nsalu ija. Zipangizo zawozawo anazilonga m'jumbo ndi dzanja lamanzere. Tiyi atafika anamwa theka kuti asakhumudwitse wogula.

Atafika kunyumba, Amisiri anakhala pampando wawo osavula nsapato, jumbo ili pamiyendo. Mkaziyo anaika madzi pamoto, anawachotsa, anawaikanso. Atabwera pabalaza anapeza akuyang'ana dzanja lawo, atalitambasula pabondo.

Analankhula osamuyang'ana. Anati kulephera sikukuwapweteka kwambiri, chifukwa anthu amadwala ndipo ntchito zimatha. Chimene sakumvetsa n'chakuti anapempha chizindikiro, chizindikiro chinabwera, anagwada n'kuthokoza, kenako anakachita manyazi pamaso pa anthu amene iwo eni anawaphunzitsa ntchito.

"Mayi, inu mumapemphera kuposa ine. Kodi Mulungu amamuseka munthu?"

"Ayi, bambo."

"Nanga chija chinali chiyani?"

Mkaziyo anayatsa TV, natenga padi. Amisiri anaona mmene zala zake zinapezera mabatani osafufuza. Mkaziyo anatsegula tsamba lija la levulo. Pamwamba, pafupi ndi nkhope ya kamsilikali, panali nambala yoposa teni kutalitali.

Amisiri anaiyang'ana nthawi yaitali.

"Ndi mng'ono wanga?"

"Ndine. Masiku amene munkapita kuchipatala."

Amisiri anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Sanakweze mawu. Anafunsa ngati nyundo ija inkawamenyadi nthawi zonse zija, mkaziyo anavomera. Anafunsa ngati pali ngakhale kamodzi pamene anazemba okha, ndipo iye anati sakudziwa, sanaone.

"Ndiye kuti dzanjali lili pomwe linali," anatero Amisiri. "Ndipo munagwada nane."

Mkaziyo anaika padi patebulo. Anafuna kunena za chakudya chimene chinkazizira, za mapemphero amene ankatsogolera yekha, koma anaona kuti zonsezo sizibweza tebulo la kushopu, ndiponso sizichotsa ameni uja. Anagwada patsogolo pa mpando. Dzanja lija linali pabondo pomwepo, koma sanayerekeze kuligwira.

"Ndinakunamizani, bambo, ndipo ndinakusiyani mukuthokoza Mulungu pa bodza langa. Ndikhululukireni."