Mapesi a M'munda mwa a Fyson

"Tiotcha lero lomwe," anatero a Yoramu, akugwedeza bokosi la machesi. "Munda wa mng'ono wanga usaoneke ngati dzala."

Panali patapita masiku anayi chiikireni m'manda a Fyson, bambo ake a Tawina. Mtsikanayo anaima m'malire a munda, dzuwa likumuwotcha m'mutu mometa dzulo. Mphepo yotentha yochokera ku Bwanje inkaliza mapesi amene bambo ake ankayala munda wonse chaka ndi chaka, osagalauza, osayatsa moto. Cha ku Nsipe utsi wa minda ya anthu ena unali utakwera kale, akabawi akuzungulira pamwamba pake.

"Bambo aakulu, bambo anga ankati moto umadya chakudya cha nthaka," anatero Tawina, maso ali pansi.

"Nthaka ili ndi pakamwa? Iwe, ine ndagwira ntchito m'mafamu a ku Joni usanabadwe. Uwu ndi ulesi, nyumba ya mbewa ndi chiswe. Anthu a pamaliro amatiseka."

Anazula udzu wouma n'kuupinda ngati muuni. Mphepo inaleka mwadzidzidzi, kenako inabwerera ndi mphamvu. Tawina anadziwa kuti moto ukangogwira, ntchito ya zaka zisanu ndi chimodzi ikhala phulusa, pamodzi ndi timitengo ta msangu tomwe tinali tisanamufike n'komwe m'chiuno. Mtengo wa machesi woyamba unathyoka. A Yoramu anatulutsa wachiwiri.

"Alamu, tadikirani."

Anali mayi ake a Tawina, a Lufina, amene chichokereni kumanda anali asanayankhule ndi munthu. Anagwada, n'kupisa dzanja pansi pa mapesi, n'kutapa dothi. Linali lakuda, lozizira, la chinyontho pakati pa Okutobala, nyongolotsi ikuvinavina m'menemo. Analiika m'dzanja la a Yoramu.

A Yoramu analiyang'ana nthawi yaitali. Analifinya, ndipo linagwirana. Kenako anayang'ana utsi wa ku Nsipe.

"Mphepo ya lero njoipa," anatero, n'kulowetsa machesi m'thumba la malaya.

A Lufina analandira dothi lija ndi manja awiri, nalibweza m'dzenje mwake. Anakokerapo mapesi, n'kupasisita kawiri ndi chikhatho.

"Pepa," ananong'oneza.

Tawina anawadziwa mawuwo. Ndi mmene bambo ake ankanenera nthawi zonse akasokoneza nyongolotsi.