Kadontho ka pa Pepala la Adokotala

Chidwalireni sitiroko, Aphunzitsi ankangokhala pampando wa pawindo, dzanja lamanja lili gone pantchafu ngati la munthu wina. Moyo wawo wonse anaphunzitsa masamu, ndipo anali munthu wosatopa ndi kulankhula, koma tsopano pakamwa panali patapotoka ndipo mawu ankathera kukhosi. Wowasamalira anali mwana wawo womaliza, yemwe aliyense ankangomutchula kuti Mzime. Iye ankaluka tsitsi pasaluni ina m'mbali mwa msewu.

Sabata imeneyo Aphunzitsi anadwala chifuwa, adokotala n'kuwalembera mankhwala. Mzime anakagula m'mawa, ndipo asanapite kuntchito anaima patebulo kuti awamwetse. Pa pepala la adokotala panalembedwa 0.5 g. Pa bokosi la mankhwala panalembedwa 500 mg. Anayang'ana uku, nayang'ananso uko. Iye ankadziwa kuti 0.5 ndi theka. Nanga theka ndi mazana asanu zingagwirizane bwanji? Anaganiza kuti wogulitsa mankhwala uja anali ndi tulo, ndipo piritsi limodzi lokha likhoza kumalizitsa bambo ake.

Anayamba kuvala nsapato kwinaku akudandaula yekha kuti anthu a masiku ano sasamala, kuti abwerera konko akamve bwino. Sanali kuuza bambo akewo. Miyezi imeneyi anali atazolowera kulankhula pafupi nawo ngati mmene munthu amalankhulira pafupi ndi kabati.

Aphunzitsi anagogoda thireyi ya chakudya imene inali pambali pawo ndi dzanja lamanzere. Mzime anawafunsa ngati akufuna madzi, iwo anapukusa mutu. Anawafunsa za kuchimbudzi, anapukusanso, n'kuloza cholembera chimene chinali pawindo.

Mzime anazengereza. Masamu ndi iye anali mphaka ndi khoswe kuyambira ali mwana. Madzulo bambo ake ankamukhazika patebulo lomweli n'kumafotokoza mothamanga, mawu pamwamba pa mawu, iye akungovomera ndi mutu kuti zithe msanga. Chimene anatolapo n'chakuti ukachulukitsa ndi khumi umaika ziro kumapeto. Atayesa nzeru imeneyo pa 0.5 anapeza 0.50, ndipo bambo ake anagwira mutu, amvekere mwana uyu anatengera kuchimake.

Anawapatsabe cholemberacho pamodzi ndi nyuzi yakale. M'mphepete mwa nyuziyo Aphunzitsi analemba ndi dzanja losazolowera, manambala akupendama ngati oledzera: 1 g = 1000 mg. Anagogoda maziro atatuwo, limodzilimodzi, akumuyang'ana. Kenako analemba 0 ndi 5 akuluakulu, motalikirana. Pa thireyi panali batani la malaya awo limene linathothoka dzulo lake. Analikankha ndi chala mpaka linakhala pakati pa manambala awiriwo.

"Ndiye kadontho kaja, Ababa?"

Anavomera. Anakankha batani lija kuti lidumphe 5, n'kukhala kumanja kwake. Milomo yawo inalimbana kwa kanthawi, kenako panatuluka liwu lolemera koma lomveka.

"Khumi."

Kutsogolo kwa batani kunalibenso nambala yoti lidumphe, choncho analembapo 0, nalidumphitsa. Analembanso 0 wina, nalidumphitsanso. Atachotsa chala n'kuphimba nacho 0 woyamba uja, panyuzipo panali 500, batani lili phee kumapeto.

Mzime anakhala pansi, nsapato imodzi kuphazi. Anabwezera batani pamalo pake poyamba n'kuliyendetsa yekha. Kudumpha kamodzi, theka lasanduka faifi. Kawiri, fifite. Katatu, mazana asanu. Kudumpha kulikonse kunali kuchulukitsa ndi khumi, ndipo maziro atatu a 1000 aja ndiwo ankanena kuti lidumphe kangati. Ziro anali wongotseka malo opanda kanthu basi. Choncho adokotala ndi wogulitsa mankhwala ananena chinthu chimodzi, wina m'magalamu, wina m'mamiligalamu.

Koma maganizo ake sanali pa masamuwo. Ankaganiza za munthu amene anali patsogolo pakeyu. Iye anali kuwasambitsa, kuwameta ndevu, kuwasankhira malaya osawafunsa, akuyesa kuti nzeru zinapitira limodzi ndi mawu. Chonsecho anali momwemo, akumva zonse, ngakhale zija ankauza alongo ake pafoni kuti mdalayu masiku ano sazindikira kanthu.

"Pepani, Ababa," anatero motsitsa.

Aphunzitsi sanafune za pepani. Anamwa piritsi lawo, napukuta pakamwa, n'kukokeranso nyuzi ija pafupi. Analemba 0.07 × 100 ndi kumukankhira batani.

Mzime analidumphitsa kamodzi n'kunena kuti yankho ndi 0.7. Bambo ake anatsonya, kutsonya kwenikweni kwa mphunzitsi, kumene sitiroko inalephera kulanda. Iye anaseka mpaka misozi, nawerenganso maziro, nadumphitsa kachiwiri.

"Seveni."

Anamuchongera ndi dzanja lamanzere, chongi chachitali chokhota, n'kuyamba kulemba samu ina.

Mzime anafika kusaluni dzuwa litakwera. Mayi amene anapangana naye anali atakhala kale pampando, tsitsi atamasula, nkhope ili gwa. Mzime anapepesa, nati kunyumba kunali kalasi. Mayiyo anafunsa kuti mwana wake ali sitandade chani, ndipo Mzime, akugawa tsitsi ndi chipeso, anayamba kumufotokozera za bambo ake.