Kudina Kawiri

Amuna anga amayendetsa ndege. Achemwali anga amakhala pamwamba pa nsanja ya pabwalo la ndege, kuuza oyendetsa nthawi yonyamuka ndi yotera. Lamulo la ntchito yawo ngakhale ine wosoka makatani ndimalidziwa: wa m'nsanja akalankhula pa wailesi, woyendetsa abwereze mawu onse, winayo amvetsere ngati abwerezedwa bwino. Koma awiriwa chilamu chinawalowa m'mutu. Amuna anga ankangodina batani la wailesi kawiri, achemwali n'kumati zamveka. Ankachita kudzitama nazo pamaso pa alendo, ati iwo amamvana popanda kutaya malovu.

Tsiku lake linakwana. Achemwali anawauza amuna anga kuti aime pamzere chifukwa ndege ina inali kutera. Abambo akunyumbawo, pakamwa pali yaviyavi kukalipira wothandizira wawo, anadina kawiri n'kulowa mumsewu wa ndege. Yoterayo inachita kudzukanso, n'kudutsa pamwamba pawo anthu akukuwa m'katimo. Sipanafe munthu, koma ofufuza anagwira laisensi ya achemwali.

Lamlungu masana achemwali anafika kwathu osaodira. Anakana mpando, anaima pafupi ndi makina anga osokera, chikwama chili kukhwapa.

"Alamu, mawa mukawauze kuti simunamvetsere."

"Ndikanene kuti ndinali gonthi? Inu munali ndi mazenera mbali zonse, maso anu anali kuti?"

"Munadina! Kudina kuja munayambitsa ndani?"

"Nanga analola ndani? Mukanati bwerezani, ndikanabwereza. Ntchito yanu ndi kundikakamiza, osati kundisekerera."

"Mulibe manyazi inu. Ana anga adya mayunifolomu anuwo?"

Onse awiri anatembenukira kwa ine. Ndinapsa mtima, chifukwa aliyense ankanena zoona, ndipo aliyense ankafuna kuti choonacho chigwere mnzake. Ndinawauza kuti chala chimodzi sichiswa nsabwe, anaiswa awiri, akavomere awiri. Achemwali anandiyang'ana ngati ndawatukwana.

"Iwe, ndinakulera ine, lero ukundiyeza pasikelo imodzi ndi mwamuna wako?"

Usiku wake ndinawachonderera amuna anga kuti akangonena kuti chizolowezicho chinali cha onse. Anati aona, n'kutembenukira kukhoma.

Anaonadi. Atafunsidwa, anati mawu a m'nsanja anafika modukaduka, ndipo kudinako kunali kupempha kuti awabwereze. Makina ojambula anasunga mawu a achemwali ali mbee, komanso kudina kawiri kuja, koma makina sanena chimene chala chinkatanthauza. Achemwali, ndi kuuma mutu kwawo, anavomera okha kuti akhala akulandira kudinako kwa zaka. Ofufuza anawatumiza amuna anga kukaphunziranso pang'ono. Achemwali anawatsitsa m'nsanja, laisensi osabweza.

"Atilanga tonse," anatero amuna anga madzulo ake, akupukuta nsapato za kuntchito. Ndinalowa kuchipinda kuopa kuwagenda ndi sizasi.

Loweruka achemwali anabwera kudzatenga mwana wawo wamng'ono, amene ankakhala nafe chifukwa sukulu yake ili pafupi. Anaima pageti. Ndinathamanga wopanda nsapato, ndikuti alowe tikambirane, ine mbali yanga ndinayesetsa.

"Zikomo mayi," anatero, maso ali pa mwanayo. "Mutithokozereko kwa akaputeni posunga mwanayu."

Chibadwire changa anali asananditchulepo mayi.