Bakari Salawa Masana

Bakari anaphikira banja la a Harvey pa pulazi, famu ya fodya ya ku Macheke ku Halale, kuyambira tsitsi lili bii mpaka imvi zitamera. Nyama yowotcha, mbatatesi, supu, pudini ya Lamulungu, zonsezi manja ake ankazidziwa okha, moti akanatha kuphika atatsinzina. Koma masiku a Chitaganya fodya anayamba kuyenda malonda, azungu a m'mapulazi anayamba kuyendayenda, ndipo malilime awo anayamba matama. Dona Harvey atangodya kamodzi nkhuku ya Chipwitikizi kwa mnzawo, basi, chakudya cha Bakari chinasanduka cha odwala m'chipatala.

"Tikupita kunyanja ya mchere, kwa Apwitikizi," adona anatero tsiku lina ataima pakhomo la khitchini. "Iwenso ukwera. Chilichonse chimene tikadye, ukalawe, uphunzire kaphikidwe kake. Ukalephera ndipeza khukhi wina."

Mawu akuti khukhi wina anamulasa Bakari pamtima. Ukhukhi ndiwo unkamupatsa kanyumba kanjerwa kuseri kwa khitchini, m'mene ankakhala ndi mkazi wake Mariamu ndi mwana wawo Sharifa. Msana wake sukanathanso kuwerama m'mizere ya fodya, ndipo ku Nyasalande anachokako kalekale, anali mtchona wopanda ngakhale pomanga khola la nkhuku.

Tsoka silinunkha: ulendowo unagwera m'mwezi wa Ramadani, pamene Asilamu sadya kapena kumwa masana onse. Shehe Juma, amene ankasoka zovala mu komboni ndi kutsogolera Asilamu pa swala, anamuuza kuti asadzivute.

"Wapaulendo amaloledwa kudya, a Bakari. Mudzabweza masikuwo mukabwerako."

"Bambo anga anayenda wapansi kuchoka kumudzi mpaka kuno ku Halale mwezi womwewu, osameza ndi dontho lomwe la madzi," anayankha Bakari. "Ine wokwera motokari ndiye ndizitafuna masana? Umenewo ndi ulendo ngati?"

Mariamu anangopukusa mutu akumupindira malaya. "Bambo a Sharifa, khosi lanu loumali lidzatigoneka panja."

Adona sankadziwa n'komwe kuti khukhi wawo amasala kudya. Zaka zonsezo sanafunsepo, ndipo Bakari sanaone chifukwa chowauzira tsopano.

Anadutsa Umtali, natsika mapiri kulowa m'dziko lotentha, Bakari ali kumbuyo kwa galimoto pakati pa masutikesi, fumbi likumulowa m'mphuno. Pofika ku Beira anali atatuwa ngati wagwa m'phulusa. Nyanja ija anthu amaitama iye anangoiona ngati madzi ochuluka amene munthu waludzu sangamwe.

Dongosolo linali lakuti masana a Harvey akamadya pakhonde la lesitilanti, mbale imodzi izitumizidwa ku khomo lakuseri kumene Bakari ankadikira pafupi ndi migolo ya zinyalala. Madzulo ankadya m'mahotela akuluakulu kumene wantchito sayandikira, ndipo Bakari ankatsala kulondera katundu, n'kumasula swaumu yake, kusala kwa tsikulo, ndi buledi ndi tiyi. Choncho mbale zonse zoti alawe zinkabwera dzuwa lili paliwombo.

Yoyamba inabwera ndi khukhi wa pamalopo, mwamuna wa nkhope yosekerera dzina lake Ambrosio, wolankhula Chisena chomveka bwino kwa Mnyanja. M'mbalemo munali tinkhanu ta m'nyanja timene Apwitikizi amati kamarau, tosambira m'msuzi wofiirira. Fungo lake linamukumbutsa Bakari njala yake yonse.

"Idyani, shamwali, zisanazizire," anatero Ambrosio.

"Pepani achimwene, ine ndamanga, ndikusala kudya. Ndiuzeni pakamwa zimene mwathiramo."

Ambrosio anali munthu wopanda kaduka. Anamuwerengera zonse: adyo, mandimu, piripiri, mkaka wa kokonati, ndi zina za maina a Chipwitikizi zimene zinkalowa khutu ili n'kutulukira linali. Ali mkati mofotokoza, adona anatulukira pakona akudzipepesa ndi chipewa.

"Bakari! Walawa? Chowawasa chija n'chiyani?"

Mutu wa munthu wanjala ndi dengu lobooka. Bakari anayasama, dzina lija osabwera. Poopa manyazi, anamukankhira kutsogolo mnzakeyo.

"Mwini wake ndi uyu, dona. Afotokoza bwino kuposa ine."

Ndipo anafotokozadi bwino, ndi manja, ndi maso, ndi tizingelezi tochepa tomwe anatola kwa alendo. Adona anaseka mpaka kuomba m'manja, namuitanira kukhonde kuti a bwana amvenso. Bakari anatsala yekha ndi ntchentche, akuthokoza Mulungu kuti wapulumuka. Anaiwala kuti mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa.

Kuchoka apo ulendo unatsika ndi gombe. Misewu inali mchenga wokhawokha, ndipo galimoto ikatitimira wokankha anali Bakari, kukhosi kuli gwa. Ku Inyasoro kunali nsomba yowotcha pamakala. Ku Vilankulo kunali nkhanu zazikulu zophikira m'zigoba zake. Ku Inyambane adona anapenga ndi minda: ya kokonati, ya malalanje, ya maluwa a mdona wina wa Chipwitikizi, ndipo paliponse ankapempha mbande ndi timitengo ta m'zitini. Wonyamula anali Bakari, wothirira anali Bakari, madzi akuyenderera m'zala zake iye osaloledwa ndi mtima wake kunyambita. Adona anali a ichi chakoma ichi chakoma, tauni iliyonse inkawaiwalitsa ya dzulo. A bwana ankangotsatira, atafiira ngati tomato, akufunsa kumene kuli mowa wozizira.

Mbale zinkabwerabe. Bakari ankazinunkhiza, kuzitembenuza ndi supuni, kuloweza maonekedwe ake. Poyamba ankakulunga chakudyacho m'nyuzi kuti adzalawe dzuwa likalowa, koma za m'nyanja sizidikira munthu, pofika madzulo zinali zitayamba kuitana agalu. Kenaka anangoyamba kupatsa agaluwo masana omwewo. Agalu a m'gombe lonselo anadya ulendo wa a Harvey bwino kuposa khukhi wawo. Adona akafunsa, iye ankangoti, "Zokoma kwambiri, dona," ndipo adonawo ankamuyang'ana nthawi yaitali.

Anatopa. Anatopa ndi dzuwa, ndi mchenga wa m'nsapato, ndi fungo la zakudya za eni, ndi kunama tsiku ndi tsiku. Koma swaumu yake inali yathunthu, ndipo chimenecho chokha n'chimene chinkamudzutsa m'mawa.

Pobwerera anaimanso ku Beira, pa lesitilanti yomwe ija, kuti adye komaliza. Ulendo uno mbale sinapite kuseri. Adona anamuitana Bakari kuti aime m'mphepete mwa khonde, ndipo Ambrosio anabwera ndi kamarau uja ndi supuni.

"Ulendo wonsewu sindinakuonepo ukutafuna," anatero adona. "Lawa pano ndikuona, undiuze zimene zilimo."

Bakari anayang'ana kumwamba. Dzuwa linali pakati penipeni, losachita manyazi. Anakumbukira bambo ake m'njira ya wapansi, milomo itang'ambika. Kenaka anakumbukira Mariamu akusesa pakhomo la kanyumba kanjerwa, ndi Sharifa akusewera pamthunzi wa khoma lake. Anayang'ana Ambrosio, koma Ambrosio maso anali pansi, atangotambasula supuni.

Anailandira. Anatchula dzina la Mulungu chamumtima, monga achitira munthu aliyense asanadye, ndipo manyazi anamugwira kuti walitchula pa chinthu chotere. Anameza.

Chinali chokoma. Chimenecho n'chimene chinamupweteka koposa. Lilime lake, limene linakhala m'khitchini moyo wake wonse, linazindikira zonse nthawi imodzi, ndipo anayamba kutchula: adyo wokazingira m'batala, piripiri wosinja wamuwisi, kokonati wofinya kawiri, ndi chowawasa chija chinamusowa tsiku loyamba, bwemba pang'ono pamwamba pa mandimu.

"Ndingathe kuphika, dona," anamaliza. "Mawa lomwe ndingathe."

"Waona nanga!" adona anakondwa kwenikweni. "Ndiye uzimuthandiza bwino Ambrosio, poti wadziwa mmene chiyenera kukomera. Tinapangana naye tsiku loyamba lija, unachita bwino kutionetsa. Iye aziphika, iwe uzisenda ndi kutsuka. Azikhala m'kanyumba kakuseri kwa khitchini kaja, inu kapitawo akupezerani malo ku komboni."

Anatero n'kubwerera ku mbale yawo, poopa kuti chakudya chingazizire.

Bakari anaima pomwepo ndi supuni m'manja. Tsiku loyamba lija. Ndiye kuti mchenga wonse uja, kukankha konse kuja, mbale zonse zija, nkhani inali itatha kale. Ndipo supuni iyi anaimezera chabe.

Ponyamuka, kumbuyo kwa galimoto kunali kothina kuposa kale: masutikesi, zitini za mbande, thumba la kokonati, ndi kabokosi ka Ambrosio komanga ndi luzi. Amuna awiriwo anakhala mawondo atagundana. Anatuluka m'tauni, nyanja inabisika kumbuyo kwa migwalangwa, fumbi linayambiranso.

"Shamwali," anatero Ambrosio patapita nthawi, osamuyang'ana, "nanenso ndili ndi ana."

"Ndikudziwa, achimwene."

Dzuwa linali likadali m'mwamba. Ambrosio anatsegula botolo lake la madzi, natambasula dzanja, kenaka anakumbukira ndipo anafuna kulibweza. Koma Bakari analigwira. Anamwa pang'onopang'ono mpaka ludzu linatha, pakuti panalibenso choti asunge.