Suti Yakuda ya a Injiniya

"Ndapota nanu, musadine batani losindikiza mpaka ndibwere," adatero Make Dudu akubereka mwana. "Wogulitsa uja ananenetsa kuti inki ili mu pulintamu ndi yongolawitsa."

Mwamuna wake adavomera maso ali pafoni. Mlamu wake, mng'ono wa mwamunayo, amene adapatsidwa dzina loti Injiniya atakonzapo wailesi kamodzi ali kusekondale, adangoseka.

"Pitani, alamu. Makina ndi ine timadziwana."

Make Dudu adatuluka kukagula mapepala ndi bandulo ya intaneti mtima uli m'mwamba. Aphunzitsi aakulu a pasukulu ya mkaka ya kuseri kwa msewu adali atamupatsa ntchito yotayipa ndi kusindikiza mayeso a ana, ofunika Lolemba m'mawa belu lisanalire. Ikayenda bwino, ntchito zonse za sukuluyo zikhala zake, azigwirira pakhomo Dudu ali pambali pake. Chibadwireni mwanayo, sadamusiyepo ndi munthu, ngakhale bambo ake.

Pobwerera adapeza amuna awiriwo ataunjirira kompyuta pabalaza. Pulinta idali itayaka kagetsi kobiriwira, koma ili zii.

"Chinthuchi n'chakufa, alamu," adatero Injiniya. "Akuberani masanasana."

"Mwadina?"

"Kungoyesa chabe."

"Inunso, bambo a Dudu?"

"Ine ndimangothandizira," adayankha mwamunayo akukanda kumutu.

Make Dudu adatsitsa mwana, nakoka mpando. Adadziwa kuti pulintayo sidafe. Chosowa chidali kapulogalamu kotchedwa dalaiva, kamene kamachititsa kuti kompyuta ndi pulinta zimvane. Mu katoni mudali chimbale chake, koma kompyuta yawo idalibe polowetsera chimbale. Adazula chingwe, natembenuza pulinta, nawerenga dzina ndi nambala pa kapepala komata kumbuyo. Adawerenga kawiri, chala chikutsata chilembo chilichonse, kenako adazilemba pa intaneti.

Padatuluka masamba ambirimbiri, ena ali ndi mabatani akuluakulu ophethira ngati magetsi a pamalo omwera.

"Ilo, lobiriwiralo," adaloza Injiniya, mpweya wake ukumuwomba m'khosi. "Dinani msanga."

"Chinthu chokukodola chotere chimakhala ndi mbedza, alamu. Ine ndikufuna tsamba la kampani imene idapanga pulintayi."

"Zonse n'zimodzi."

"Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo," adatero mkulu wake, iye yemwe wayamba kusintha mbali.

Tsamba la kampani adalipeza m'munsi. Lidafunsa mtundu wa pulogalamu yoyendetsa kompyuta yake. Sadafune kuponya mwala mumdima, choncho adakayang'ana kaye, nabwerera kudzasankha yoyenera. Kamzere kadayamba kukwawa pa sikirini. Uthenga utamuuza kuti alumikize chingwe, adalumikiza.

Nthawi yomweyo Dudu adalira kulira kwa thewera. Make Dudu adamunyamula kupita kuchipinda.

Ali mkati momupukuta adamva pulinta ikukhosomola, kenako ikukoka pepala.

"Yatheka, amake Dudu," adaitana mwamuna wake. "Ikutulutsa yokha."

Yokha? Iye adali asanatumize kanthu. Adamanga thewera mopotoka, nathamangira naye pabalaza.

Pathebulo padali a Injiniya. Pansi padali a Injiniya. Chithunzi chodzaza pepala lonse, atavala suti yakuda bii, dzanja lili pachibwano. Kudina konse kumene amuna awiriwo adadina masana kudali kutangoima pamzere mu kompyuta, kudikira dalaiva, ndipo tsopano kumatuluka motsatizana. Eni ake adangoima chilili, akuyamikira mmene kolala yatulukira bwino.

Make Dudu adatsegula kabokosi ka zodikira kusindikizidwa, nafufuta zonse. Pulinta idalavula Injiniya womaliza, wa theka, suti itayera ngati yochapidwa ndi jiki.

Adatumiza tsamba loyamba la mayeso. Lidatuluka lotuwa, la mizeremizere. Pamene mwana amayenera kuwerenga mipira padali timithunzi tosaoneka mutu wake.

"Ndimati ndione ngati ikugwira," adatero Injiniya motsitsa mawu.

"Yagwira, alamu. Yakuvekani suti ndi inki ya ana a eni ake."

"Mawa ndikagula ina ndikamachokera kuntchito," adatero mwamuna wake.

"Madzulo? Mayeso ndi a m'mawa."

Lidali Lamulungu, ndipo mashopu onse ogulitsa inki adali otseka. Make Dudu adaimbira wogulitsa uja. Bamboyo adati inki ya pulintayo ilipo, ndipo amatsegula kusanache chifukwa cha anthu othamangira mabasi. Kupita ndi kubwera, nthawi yosindikiza ikadatsalako, koma osati ali ndi mwana kumsana m'chisanu cha mbandakucha.

Adayang'ana Dudu, amene adali pansi akutafuna ngodya ya chithunzi cha bambo ake aang'ono. Adaganiza za sitovu, za masitepe a pakhonde, za tinthu tating'ono timene mwana amatola n'kuika mkamwa. Kenako adayang'ana pulinta imene adaidzutsa ndi manja ake.

"Ndilawirira kusanache," adatero. "Dudu atsala ndi inu awiri. Phala lili pamwamba pa kabati, matewera ali m'dengu."

"Ife?" adafunsa mwamuna wake. "Simunatisiyirepo."

"Ndiye poyambira pake. Mwanayu alibe batani, akalira musamudine. Mumunyamule."

Injiniya adawerama n'kuyamba kutola nkhope zake pansi. Make Dudu adamulanda mpukutuwo, nautembenuza, naona kuti kuseri kwa mapepalawo n'koyera.

"Awa musataye. Ndiyeserapo inki yatsopano."

Adazula chingwe cha pulinta, nachikulunga, nachiika m'chikwama chimene ankati apite nacho m'mawa.