Pakati Ankasiyira Mnzawo

"Chotsani zidolezi, tikambe za nyumba," anatero a Herbert, atadzikhazika pampando wa malemu mkulu wawo, a Amos, ngati anaugula okha.

Tina anagwira thabwa la tchesi la malemu bambo akewo. Chiikireni maliro, bambo aang'onowa ankangonena kuti nyumba ya ku Katawa, ku Mzuzu kuno, ndi ya kuchimuna, mayi ake, a Elizabeth, abwerere kwawo ku Nkhata Bay. Mayiwo anali atakhala pamphasa.

"Odi! Mwana wanga, usasokoneze," anatero a Rajab a golosale, akuvula nsapato pakhomo. "Masewerawa sitinamalize ndi bambo ako."

A Herbert anasuzumira pathabwapo n'kuseka. "Mwawadya kale. Pakati ponsepa ndi panu. Akulu anga anali ofatsa chomene, ngakhale posewera."

"Ndinkayesa choncho nanenso," anayankha a Rajab. "Ena timayamba ndi kukankhira tiasilikali pakati. Iwo ankayamba ndi kavalo, osaulula kumene akulowera. Kenaka bishopu pakona apa, ngati wagona. Iwe n'kudzaza pakati, n'kumadzimva. Taonani tsopano."

Chala chawo chinatsata mzere kuchokera pakona, kenaka wina kuchokera mbali inayo. Yonse inkathera pa tiasilikali tawo tapakati tija. Tina, amene ankayesa bambo ake munthu wongogonja, anazindikira kuti bambo akewo ndiwo ankapambana.

Kunja kunamveka "odi" wina, kenaka winanso. Analowa amayi a mvano, aphunzitsi anzawo a malemu, amalonda a kumzikiti, ngakhale akabaza a ku Mchengautuwa amene malemu ankawaphunzitsa tchesi Loweruka. Palibe anatchula za nyumba. Anangopereka moni wa Chitumbuka woti "yewo" n'kukhala m'mbali mwa khoma kuzungulira mphasa ya namfedwa, ena mpaka pakhonde.

A Herbert anayang'ana uku ndi uku, thukuta lili kamukamu ngakhale kunali kachisanu ka Mzuzu. Anatsokomola.

"Alamu, za nyumbazi... mwina ndinafulumira. Khalani." Ananyamuka, nakakhala pansi pafupi ndi chitseko.

A Rajab anaganiza nthawi yaitali, nagoneka mfumu yawo pathabwapo kusonyeza kuti agonja. A Elizabeth anatambasula dzanja n'kuiimikanso.

"Ayi, bambo. Amuna anga akapambana sankalola mnzawo achoke chogonja. Ankati tibwerere pamene panalakwika, tionere limodzi."

Anabweza kamsilikali ka a Rajab m'mbuyo, nauza Tina akatereke tiyi.